Nyimbo ya Nkhuku ndi Zala za Che Amidu

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Ndaona ena mwa inu mukugundana zigongono pamene ndimaimirira, ndiye ndikupeputsireni ntchito: eya, ndine yemwe uja, Fabiano wa ku Kabwazi, amene anatuluka pa kanema. Inu amene munabadwa mochedwa simunaphonye kanthu. Kanemayo anali wabodza kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo wabodza wamkulu m'menemo ndi uyu waima pamaso panuyu. Pano tasonkhana anthu amene mowa unatigwetsa, choncho sindipaka mawu mafuta.

Ine banjo sindinabadwe nayo. Ndinkacheka matabwa m'mapaini a m'phiri la Dedza, ndipo Loweruka lililonse ndinkatsikira pa boma kukagula sopo ndi mchere. Kuseri kwa msika kunali khonde la Che Amidu, mkulu wachisilamu wokhoma ndowa, mbaula ndi koloboyi. Bambowa anakhalako ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha, ndi kaimbidwe ka banjo kamene kuno kunalibe. Mabanjo ankapanga okha ndi chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga. Magulu onse amene ankaimba m'maukwati kuchokera ku Linthipe mpaka kumalire, mukafunsa bwino mupeza kuti woimba banjo wawo anakhalapo pa khonde limenelija, kapena anaphunzira kwa wina amene anakhalapo. Ine ndinakhalapo zaka zinayi. Ndikalakwitsa ankandikwapula zala ndi kamtengo, kenako mayi a m'nyumbamo, Abiti Saidi, ankatibweretsera tiyi ndi mbatata yootcha.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tsiku lina kunafika galimoto yochokera ku Blantyre, itadzaza mabokosi ndi zingwe. Mkulu wa anthu a m'galimotomo tinamutcha Magalasi, chifukwa magalasi akuda sankavula ngakhale m'nkhungu ya mwezi wa Juni, ija munthu suona ng'ombe ili pamphuno pako. Anati wabwera kudzajambula sewero la mbiri ya mabanjo a ku Dedza, mmene anayambira. Aliyense amene anamufunsa anamulozera khonde la Che Amidu.

Ndinalipo tsikulo. Che Amidu anapukuta manja, natenga banjo, nayamba nyimbo yawo yotchuka imene anapeka kale m'nthawi ya atsamunda, pamene amesenjala a msonkho ankadya nkhuku za anthu m'midzi. Mawu ake anali akuti, "Nkhuku yanga ndaweta ndekha, wadya ndi mlendo wa galimoto." Magalasi sanamvere ngakhale theka. Anayang'ana mano atatu otsala a mkuluyo, anayang'ana mkanjo wazigamba, n'kunena kuti, "Madala, nkhope yanu sigwirizana ndi kamera. Tikufuna mnyamata wooneka bwino kuti akhale inu muli wamng'ono. Uyu apa."

Anatero akundiloza ndi ndudu.

Che Amidu anaseka mpaka kutsokomola. Analowa m'nyumba n'kutulutsa banjo yawo yapamtima, imene sankalola munthu kuigwira, nandipatsa. Anati, "Pita, Fabiano. Ukandiimire bwino."

Zimene tinkachita m'phiri muja, ndikazikumbuka ndimafuna kulavula. Anandivula malaya, nandiveka chikopa cha mbuzi ndi nthenga kumutu, nandiimika pa mwala m'chisanu chija kuti ndizioneka ngati munthu wamakedzana. Munthu wamakedzana wonyamula banjo ya chigubu cha mafuta a galimoto! Palibe anafunsa kuti makolowo chigubucho anachitola kuti. Sabata yachiwiri, za ku Joni zinachotsedwa, ati kanema asaonetse kuti anthu ankathawa umphawi kuno. Nyimbo ya nkhuku inasinthidwa, inakhala yakuti, "Nkhuku yanga ndaweta ndekha, ndapatsa mlendo mokondwera." Kenako Magalasi anandiitanira pambali.

"Kumapeto kudzabwera munthu wodzakufunsa kuti anakuphunzitsa ndani. Udzayankhe kuti, palibe, ndinalota ndili m'phiri."

Ndinafunsa kamodzi kokha. "Nanga Che Amidu, bwana?"

"Ukufuna kutuluka pa kanema, kapena ukufuna kubwerera kumacheka?"

Abale, galu amayamba wanunkhiza fupa asanalitole. Ine sindinanunkhize n'komwe.

Kanemayo anadzamuonetsa patapita miyezi, masana, mu holo ya pa boma, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete. Che Amidu anabwera atavala mkanjo woyera watsopano, Abiti Saidi ali pambali, chifukwa anali atauza makasitomala awo onse kuti mbiri yawo ikutuluka. Anakhala pa benchi yachiwiri. Anaonera mpaka pamene nkhope yanga, yaikulu ngati chitseko, inanena kuti ndinalota ndili m'phiri. Anthu anaomba m'manja. Potuluka anyamata anandinyamula pamapewa, ndipo pakhomo ndinawapeza mkuluyo akundidikira. Ndinaganiza kuti andikalipira, ndipo yankho ndinali nditakonza kale. Iwo anangoti, "Waya wachitatu unali wolefuka." Basi, n'kumapita. Ine ndinaseka ndi anzanga, ndipo banjo yawo sindinabweze.

Zotsatira zake ndizifulumiza, chifukwa nonse mukuzidziwa, njira yake ndi imodzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mowa unkandipeza wokha, aliyense ankafuna kumwa ndi munthu wa pa kanema. Ntchito ya matabwa ndinaisiya, ati ine ndicheke matabwa? Magalasi anali atalonjeza kuti adzanditenga ku Blantyre kukaimba pa wailesi. Ndinamulembera makalata anayi, sanayankhe ndi imodzi yomwe. Kanemayo anazungulira m'masukulu chilimwe chimodzi, kenako anamutsekera m'chitini n'kumuiwala. Mowa wa m'mabotolo unatha, ndinatsikira ku masese. Ogula masese atatopa nane ndinatsikira ku kachasu. Anzanga a gulu lathu loimba m'maukwati, woimba babatoni ndi wa chisekese, anandisiya nditagwa pakati pa ukwati wa eni ake, mkwatibwi akuona.

Kunyumba, mkazi wanga Nangozo ankalima yekha dimba la kabichi ndi kachewere, ana awiri ali m'manja. Ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, mkamwini wosagwira khasu. Tsiku limene ndinatenga thumba la mbewu ya kachewere n'kukasinthanitsa ndi kachasu, ndinapeza zovala zanga zili panja m'thumba la feteleza. Sanakuwe. Anati, "Bambo a Lusiya, ine ndinakwatiwa ndi wocheka matabwa. Wa pa kanemayu apite kwa amene anamujambula." Amalume ake anaima chapatali, nkhwangwa ili paphewa.

Ndinakakhala ku Linthipe, kugona m'makonde a masitolo, kuimbira oledzera kuti andigawireko velemoti ya kachasu.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yanga. Inali sabata imene a chipani ankatolera nkhuku ndi mazira m'midzi, zoti akapatse mlendo wamkulu wobwera kumsonkhano. Tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, ine nditaledzera kuyambira m'mawa, ndinakhala pa thumba la chimanga n'kuyamba nyimbo ya nkhuku. Lilime la woledzera limabwerera kwawo. Sindinaimbe mawu a Magalasi, ndinaimba enieni aja: wadya ndi mlendo wa galimoto. Amayi ogulitsa tomato anaseka. Kenako kuseka kunaduka ngati wadula ndi mpeni, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona anyamata atatu a chipani, a malaya ofiira.

Anandikokera kuseri kwa sitolo ina kumene kunali mkulu wa chipani wa deralo, bambo wa mimba amene dzina lake sindilitchula chifukwa zidzukulu zake zilipo. Anandifunsa kuti, "Nyimbo yonyoza boma imeneyi wapeka ndiwe?"

Ndinayang'ana pansi. Mmodzi wa anyamata aja anandiwaza mbama.

Mbama imodzi, abale. Ndikufuna mumve bwino chiwerengerocho, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti anandimenya mpaka kukomoka. Bodza. Inali imodzi, ndiponso yosapweteka kwenikweni.

"Si ine, bwana. Ndi Che Amidu, wokhoma ndowa kuseri kwa msika pa boma. Ndi amene anandiphunzitsa."

Mkulu uja anaseka. "Si iwe unanena pa kanema kuti unalota uli m'phiri?"

"Zija zinali za sewero, bwana."

Anandidumphitsa ngati chule kuzungulira sitoloyo katatu n'kundimasula. M'mawa mwake a chipani anakawatenga Che Amidu pa khonde pawo, nyundo ili m'manja. Palibe anafunsa kuti nyimboyo inapekedwa liti, kapena inkanena ndani. Anakhala m'ndende miyezi khumi popanda kuonekera kubwalo. Pamene panali ulemu ndinawakana, pamene panali ndende ndinawatchula dzina, ntchito ndi malo omwe. Ndi zimene ndinali ine.

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa chifukwa cha chisoni? Ndinawonjezera. Ndipo anzanga a pa kachasu, inu mukuwadziwa anthu amenewa, anzeru amene nzeru zonse za dziko zili m'kapu mwawo, ankandisisita pamsana. "Usadandaule, Fabiano, aliyense amapulumutsa khosi lake." Ankatero akuyang'ana botolo langa, osati ine. Mwa onse aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, walakwa. Munthu amene akukuuza kuti sunalakwe uli ndi botolo m'manja, dziwa kuti ali ndi ludzu.

Ndinamva kuti Che Amidu atuluka m'ndende, koma pa boma ndinkapazemba. Tsiku lina ndinakwera lole ya kachewere nditaledzera, osadziwa kumene ikupita, ndipo ndinadzuka m'mawa ndili mu ngalande pafupi ndi msika wa pa boma, nkhungu ili tolo, mano akugundana. Ndili chigonere ndinamva nyundo. Kukhoma kwa Che Amidu ndinkakudziwa ngati mawu a mayi anga, kunali kofulumira, kovinika. Uku kunali kwina. Ko. Kenako zii. Ko. Kenako chitsulo kugwa pansi. Ndinadzuka n'kutsata phokosolo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina miyendo inali isanadzuke bwino kuti ithawe.

Ndinawapeza atakhala pa chitsa chawo chija. Munthu anali atatha, mkanjo ukungolendewera, ndevu zonse mbuu. Ankayesa kupinda mkombero wa ndowa. Dzanja lamanja linali ndi zala zitatu zokhota, zosapindika, ndipo nyundo ankaigwira ndi chala chachikulu ndi chaching'ono. Akamenya kawiri inkapulumuka. Ankaitola, n'kuyambanso.

Abiti Saidi ndi amene anayamba kundiona. Analavulira pansi, nalowa m'nyumba, natseka chitseko.

Ine ndinagwada m'fumbi. Misozi inabwera, ndi mawu omwe, ambirimbiri okoma: bambo anga, ndine galu, ndine Yudasi, ndipondeni, ndipheni. Ndinatambasula manja kumwamba. Ndipo ndikuuzeni zoona, pakati pa kulirako kamtima kena kankandiuza kuti ndikulira bwino, anthu odutsa akuona.

Che Amidu sanadzutse mutu. Anati, "Usandichitire kanema pano."

Ndinatsitsa manja.

"Banjo yanga ili kuti?"

Inali kumsana kwanga, yomangidwa ndi luzi. Inatsala ndi mawaya awiri, chikopa chitang'ambika pakati. Anaiyang'ana nthawi yaitali, osaigwira. "Ika apo." Ndinaika. "Tambasula manja ako ndione."

Ndinatambasula. Ankanjenjemera ngati masamba a nthochi. Iwo anakweza dzanja lawo lija n'kuliika pafupi ndi anga.

"Anga anathyola ndi anthu, sadzachira. Ako akuthyola ndani?"

Anatsitsa dzanjalo n'kupitiriza.

"Za kukhululuka usandifunse, ndilibe. Koma ndowa izi eni ake akuzifuna Loweruka, ndipo m'nyumba muno timadya nyundo imeneyi. Anyamata onse amene ndinawaphunzitsa akuopa kuponda pano. Iwe ulibe choti utaye. Tola nyundoyo. Tsiku limene udzabwere ukununkha, usadzakwere pa khonde langa, udzathere pa mtengo uwo."

Anandilozera mtengo wa mkungudza umene unali patsidya pa njira.

Ndinatola nyundo. Tsiku limenelo ndinaononga malata awiri ndi kudzimenya chala mpaka chikhadabo kuda.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, osati zimene ndinamva mumtima, chifukwa zomva mumtima tonse tili nazo zambiri ndipo sizinasiyitsepo munthu mowa.

Choyamba ndinachoka ku Linthipe osatsanzika. Msuweni wanga wina, mlonda wa kumacheka, anandilola kugona m'khitchini mwake. Masiku anayi oyamba ndinasanza, ndinatuluka thukuta m'chisanu, ndinaona tizilombo tikuyenda pa khoma. Msuweniyo ankandimwetsa phala ndi madzi a mchere ndi shuga, n'kundiperekeza m'mawa mpaka pa khonde ngati mwana wa sukulu. Musachite manyazi kuperekezedwa. Manyazi munawasiya kale mu ngalande.

Chachiwiri ndinasintha njira. Yachidule inkadutsa pa nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu, ndipo fungo lokha linkandigwira miyendo. Ndinayamba kuzungulira kumunsi kwa phiri, ulendo wowirikiza kawiri, mvula kaya dzuwa.

Ndinagwa kamodzi, sindibisa. Patatha miyezi iwiri ndinakumana ndi mmodzi wa anzeru aja, nati kapu imodzi siipha munthu. M'mawa mwake ndinatafuna masamba a bulugamu kuti fungo lisamveke, n'kupita kuntchito. Ndisanaponde khonde, Che Amidu anangokweza dzanja lopunduka lija n'kuloza mtengo. Ndinakhala pansi pa mkungudza uja kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikuwaona akulimbana ndi ndowa imodzi. Nyundo inagwa kosawerengeka. Kasitomala anabwera, nadikira, natukwana, napita. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo ndowayo sinathe. Dontho langa lomaliza linali la dzulo lake la tsiku limenelo.

Chachitatu ndinanena zoona kwa anthu amene ndinkawaopa. Ndinakalapa kwa ansembe, koma kulapa m'kabokosi n'kosavuta, munthu sakuona nkhope. Chovuta chinali kupita ku Kabwazi, kukhala pansi pamaso pa Nangozo ndi amalume ake, n'kunena za mbama imodzi ija. Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Khasu lili apo." Ndinalima dimba lake madzinja awiri, Loweruka ndi Lolemba, ndikugona m'kanyumba kosungiramo mbewu, asanandilole kulowanso m'nyumba.

Ndinafunanso kukonza bodza la pa kanema. Ndinawauza Che Amidu kuti ndikayambanso kuimba, pa ukwati uliwonse ndiziyamba ndi kulengeza kuti nyimbozi ndi zawo. Anaika tiyi pansi. "Dzina langa ulisiye. Unalitchula kamodzi, zinakwana." Choncho ndinakhala nalo pakamwa mpaka iwo atamwalira ndi zinthu zitasintha m'dziko muno. Banjo ija anandilola kuikonza, iwo akundiuza pomanga, koma kuimba sanaimbenso. Nthawi zina madzulo tikuweruka ankati, "Taimba ija ya ku Joni," ine n'kuimba, iwo atatsinzina, kenako ankati, "Ukuthamanga," n'kulowa m'nyumba.

Ndinakhoma ndowa pa khonde limenelo zaka zisanu ndi chimodzi. M'zaka zonsezo Abiti Saidi sananditchule dzina. Tiyi wanga ankamuika pansi chapatali, ngati mmene timaikira mbale ya galu, ndipo ine ndinkamutenga n'kumwa, chifukwa anali ndi chifukwa. Chifuwa cha ku migodi chija, chitaonjezeredwa ndi simenti yozizira ya m'ndende, chinawatenga Che Amidu mwezi wa Julayi. Ine Mkatolika sindikanatha kusambitsa thupi kapena kuima nawo pa swala, pemphero lachisilamu lija, ndiye ndinalawirira kumanda ndi khasu n'kukumba nawo. Mawu akuti ndakukhululukira sindinawamve kuchokera pakamwa pawo. Ndinawadikira mpaka dothi lomaliza.

Anthu atabalalika ndinabwerera pa khonde kukasonkhanitsa zida, ndikuganiza kuti ntchito yanga pamenepo yatha. Ndikumanga nyundo ndi lumo m'chiguduli, chitseko chinatseguka. Mayi aja anaima pakhomo, maso ofiira, nayang'ana mtolowo.

"Ukupita nazo kuti zimenezo?"

"Ndimati ndizisunge m'nyumba, mayi."

"Pali mbaula zitatu za eni ake zosatha. Mawa ulawire, Fabiano."

Ndinalawira, ndipo khonde limenelo ndikukhomapo mpaka lero, mayiwo ndinawasunga mpaka nawonso anatsikira kuli chete.

Ndiye inu amene mwakhala kumbuyoko, amene mukuti mudzasiya mowa akadzayamba akukhululukirani kunyumba, mudzadikira mpaka imvi. Aliyense wa inu akumudziwa munthu amene anathyoka chifukwa cha iye. Musamupitire ndi misozi, misozi ya woledzera anthu anatopa nayo. Pitani m'mawa, musanalawe kanthu, mukafunse ntchito imene yamukanika chifukwa cha inu, ndipo akakulozerani mtengo mukakhale pansi pake mpaka dzuwa lilowe.

Ndathokoza, a tcheyamani. Ndikhale pansi.